Ciuno Cikawawa, Brufen Sakwana

Mnyamata akadandaula ciuno, anzake amaseka, amati usiku anacita zambili. Manyazi amenewa akupundula anthu.

Vuto la mfundo ya m'ciuno nthawi zina limamvekela pa bondo, makamaka kwa amene akali kukula. Kwa odwala sickle cell, mutu wa fupa la nchafu ungafe magazi akaleka kufikako. TB nayo imalowa m'mfundo imeneyi. Brufen wa pa kantemba amangogoneka ululu, matenda akupitilila.

Mukayamba kutsimphina, pitani ku kliniki. A dokotala akuoneni mmene muyendela, apinde mwendo, autembenuze, ngati kufunika akutumizeni ku X-ray. Akakupatsani mapilisi osakugwilani mwendo, funsani cifukwa. Anzanu oseka aja sadzakuyendelani ndodo.