Tchuthi chisamangothera pakhomo, ana akaone dziko lawo

Tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, pa 6 July, likagundizana ndi Loweruka ndi Lamulungu, mabanja ambiri amapeza masiku atatu opuma. Koma m'matauni ngati Balaka, Luchenza ndi Ntcheu masikuwa amatha monga mwa nthawi zonse: bambo ali pabawo kapena kumowa, mayi ali pa mulu wa zochapa, ana ali ku vidiyo. Pobwerera kusukulu, mwana amakhala asanaonepo chachilendo chilichonse.

N'zomvetsa chisoni kuti mlendo amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzaona njovu ku Liwonde, pamene mwana wa ku Balaka, yemwe kwawo n'kufupi ndi nkhalangoyi, njovu amangoidziwira m'buku. Maganizo oti kuona malo ndi za azungu akumana ana zinthu zomwe ndi zawo.

Ulendo wotere sulira kupita kutali. Banja lochokera kummwera likhoza kuyambira ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, komwe M'busa John Chilembwe adayambitsa mishoni ya PIM mu 1900. Ndi pomwepa pomwe padayambira kuukira atsamunda mu January 1915, ndipo boma la nthawiyo lidagumula tchalitchi chake. Mwana amene waima pamalopa sangaonenso nkhope ya pa K500 ngati chithunzi wamba.

Kuchoka apo n'kulowa mumsewu wa M3 kupita ku Zomba, lomwe lidali likulu la dziko mpaka 1975. Pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles omwe adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Anthu amachidutsa tsiku ndi tsiku pa minibasi, koma ndi ochepa omwe adatsikapo n'kuwerenga zolembedwa pamenepo.

Tsiku lachiwiri n'loyenera nkhalango ya Liwonde, yomwe idakhazikitsidwa mu 1973. Mwezi wa July ndi wabwino chifukwa misewu imakhala youma ndipo nyama zimatsikira ku mtsinje wa Shire kukamwa madzi. Mvuu ndi ng'ona sizisowa. Chiyambireni bungwe la African Parks kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma mu 2015, mikango yomwe idatheratu idabwezeretsedwamo mu 2018. Njovu nazo zidachuluka mpaka zina 263 zidasamutsidwira ku Kasungu mu 2022.

Wopitirira mpaka ku Mangochi adzapeza chipilala cha wotchi cha mu 1903 pafupi ndi mlatho wa Shire, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Kutsogoloko kuli Cape Maclear, m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, lomwe bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna.

Ena anena kuti zonsezi n'zolira ndalama, ndipo akunena zoona. Mafuta a galimoto adakwera, ndipo banja lomwe likusowa fizi silingaike ulendo patsogolo. Komabe mutu umodzi susenza denga. Magulu a banki m'khonde, makwaya ndi matimu a mpira amatha kusonkherana n'kuchita hayala minibasi kupita ku ukwati kapena kumaliro. Chingalephereke n'chiyani kusonkha pang'onopang'ono kwa miyezi itatu kaamba ka ulendo wa ana? Polowa m'nkhalangozi Mmalawi amalipira ndalama yocheperapo poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo kamba wa mbatata, chinangwa ndi thobwa amachepetsa zogula panjira.

Sikutinso aliyense ayende ulendo wonsewo. Wa ku Dedza ali ndi zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO idazizindikira mu 2006. Wa ku Nkhata Bay ali ndi chikumbutso cha omwe adaphedwa pa 3 March 1959. Wa ku Rumphi ali ndi Nyika ndi Vwaza. Tsiku limodzi ndi lokwana.

Nkhaniyi si yongosangalala chabe. Malo omwe eni ake sawadziwa sachedwa kuonongeka. Amene amalemba dzina lake ndi makala pa zojambula za makolo, kapena kutchera msampha m'nkhalango, kawirikawiri ndi munthu yemwe sadauzidwepo kuti zinthuzo ndi zakenso. Alonda a boma sangakhale paliponse, koma mwana amene adaonapo njovu ikuwoloka Shire amakula akudziwa chomwe dziko lingataye.

Boma nalo lichitepo mbali yake poika zikwangwani za m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao pa zipilalazi, kuti agogo omwe sadziwa Chingerezi athe kufotokozera adzukulu. Oyendetsa galimoto apewe mowa ndi kudzaza mopyola muyeso, chifukwa ulendo wabwino ndi umene onse abwerera kwawo ali moyo.

Tchuthi china chikubwera. Makolo ayambe lero kuika kangachepe padera, kuti potsegulira sukulu mwana adzathe kunena kuti adakaona yekha ndi maso ake.