Za Nsanja ya ku Zomba ndi Ana Athu

Okondedwa makolo ndi aphunzitsi a ku Machinga ndi ku Balaka,

Mwezi wa November ukafika, mitundu yambiri ikumbukira tsiku la 11 November 1918, pamene mfuti za nkhondo yaikuru yoyamba zinaleka kulira ku Ulaya. Kuno kwathu akuru anaicha nkhondoyo Chiwaya, potengera mfuti ija yolabvula zipolopolo kosalekeza. Koma tikafunsa ana athu lero kuti Chiwaya nchiani, ambiri adzatilozera chokazingira mbatata pa msika. Mlandu umenewu si wa ana ai, ngwathu ife akuru.

Chikhalirecho mphunzitsi wabwino ali pafupi. Munthu wochokera ku Balaka akaoloka Shire pa Liwonde, nadzera pa Machinga, afika ku Zomba dzuwa lisanapendeke. Kumeneko, pafupi ndi kampu ya asilikari ya Cobbe, paima nsanja yanjerwa, ndipo pa iyo palembedwa maina a asilikari a King's African Rifles amene anafa pa nkhondoyo. Ankhondo athu anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga pa 9 September 1914, nawatsata m'Tanganyika ndi m'Mozambique, kufikira mkuru wao von Lettow-Vorbeck anagonja ku Abercorn, ndiko ku Mbala, pa 25 November 1918.

Inu aphunzitsi, mukapita nao ana kumeneko musachuruke mau. Mwana ali yense awerenge mokweza dzina limodzi, pakuti mwini dzinalo anali ndi amache ndi munda wache. Atatha kuwerenga muwafunse kuti: nanga ufa wa asilikariwa anausenza ndani?

Apa mpamene nsanja ikhala chete. Dziko lino linapereka asilikari ngati 19,000, koma amtengatenga anali pafupi 200,000. Ambiri anatengedwa mokakamiza pa lamulo la boma, nasiya minda yosalima; njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918 zinawatha, naikidwa m'mbali mwa njira popanda chizindikiro. M'chaka cha 2021 a Commonwealth War Graves Commission anabvomereza poyera kuti Aafrika ochuruka sanakumbukiridwe ndi maina monga anzao Azungu.

Chifukwa chache nchito yotsalayo iri m'nyumba zathu. Amene anaiona nkhondoyo ndi maso anapita onse, koma adzukulu ao alipo, ndipo akalamba. Madzulo ano mwana akhale pansi ndi agogo ache, nafunse ngati pa mtundu pao panali wina amene anapita ku Chiwaya, kapena ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Alembe m'kope dzina lache, mudzi wache ndi mfumu yache, napite nalo ku sukulu, kuti maina onse awerengedwe pamodzi pamaso pa mudzi. Tisazengereze, pakuti nkhalamba imodzi ikatsikira kuli chete, maina amene inasunga apita nayo.