Maenje a Golide ku Rufunsa ndi Phunziro la Yureniyamu wa ku Mindola

Boma la Rufunsa, m'cigawo ca Lusaka, limadziwika ndi golide. Azungu anakumba mwala umenewu ku Chakwenga m'nthawi ya atsamunda, ndipo lerolino anthu ambiri akukumba ndi mapiki ndi mafosholo. Kodi ndani adzasamalira malowa golideyo akadzatha?

Mbiri ya yureniyamu m'dziko muno ikuyankha funsoli mosakondweretsa. Mgodi wa Mindola ku Kitwe unatulutsa yureniyamu kuyambira 1957 kufikira 1959, zaka zitatu cabe. Zotsalira zake, zotulutsa ceza coononga thupi, zinakhala pafupi ndi anthu zaka zoposa 40. Zinasamalidwa pansi pa nchito ya Copperbelt Environment Project, imene inayamba mu 2003 ndi thandizo la World Bank. Amene anapindula ndi mwalawo anali atacoka kale. Ngongole inagwera boma, ndiye kuti okhoma msonkho. Ku Kabwe nako, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akudwalabe ndi dothi lake.

Malamulo alipo. Bungwe la Radiation Protection Authority linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2005, la ZEMA ndi lamulo la mu 2011, ndipo makampani a migodi ayenera kusungitsa ndalama m'thumba la Environmental Protection Fund zokonzera malo akatha kukumba. Koma thumbali limafikira okhawo ali ndi ziphaso. Munthu wokumba popanda cilolezo sasungitsa ngakhale ngwee imodzi, ndipo mekyule imene okumba ang'onoang'ono amasiyanitsira golide siiwola. Ikalowa mumtsinje imakhala m'nsomba zimene anthu amadya.

N'cifukwa cake anthu a ku Rufunsa, boma limene kale linali mbali ya Chongwe, sangaione nkhani ya nyukiliya ngati ya kutali. Mu 2018 Zambia inasainirana ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia kuti amange malo ofufuzira za nyukiliya ku Chongwe, ndipo ku Siavonga kuli mapulani a mgodi wa yureniyamu wa Muntanga. Boma limene lifuna kukhulupiriridwa pa zinyalala zokhala zaka zikwi liyenera kuyamba ndi zapafupi: kuwerenga maenje osiyidwa m'madera a Mfumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, kupima madzi a mtsinje wa Chakwenga, ndi kulengeza zotsatira zake m'Cinyanja ndi m'Cisoli.