Pisitolo za agogo zikukana kupuma pantchito

Kampani ya Singer, imene makina ake osokera amalira pamakonde a masitolo kuyambira ku Limbe mpaka ku Chipata, inapangapo mfuti. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka ku Ulaya, boma la America linafuna kuona ngati kampaniyi ingathe kupanga pisitolo za asilikali zotchedwa M1911A1. Inapanga 500 zokha, kenako inapatsidwa ntchito zina za nkhondo. Mu 2017 imodzi mwa pisitolo zimenezo inagulidwa pa okushoni ku America pamtengo wa madola 414,000.

Pankhondo yomweyo kampani ya Remington Rand, yotchuka ndi mataipilaita, inapanga pisitolo za mtundu womwewu zopitirira 800,000. Chipolopolo n'chimodzi, kulemera n'kofanana, pulani yake ndi yomweyo. Koma ya Remington Rand kawirikawiri imapita pa madola masauzande ochepa chabe. Amene anatulutsa chuma chonse chija sankalipirira kawomberedwe ka mfutiyo. Ankalipirira dzina lodindidwa pachitsulo ndi mbiri imene dzinalo lasenza.

Pamenepa ndi pamene pagona mkangano umene sutha pakati pa okonda mfuti ku America ndi ku Ulaya. Ena amalumbira kuti pisitolo zakale, zachitsulo chokhachokha ndi chigwiriro chamtengo, ndizo mfuti zenizeni, ndipo zamakono zapulasitiki ndi zidole. Enanso amati zakalezo zingopachikidwa pakhoma. Chikoka cha zakalezo chilipodi ndipo n'chomveka. Cholakwika n'choti anthu ambiri ochikonda safuna kuvomera kumene chimachokera, ndiye amachivekera malaya a luso lowombera.

Amene anayambitsa zonsezi ndi John Moses Browning, mwana wa wosula mfuti, wobadwira ku Ogden m'chigawo cha Utah mu 1855. Asilikali a America atamenyana ndi ankhondo a Chimoro ku Philippines, anadandaula kuti volovolo yawo ya .38 sinkagwetsa mdani msanga, ndipo akuluakulu anafuna chipolopolo chonenepa cha .45. Pamayeso omaliza, pisitolo ya Browning yopangidwa ndi kampani ya Colt inawombera zipolopolo 6,000 osakakamira ngakhale kamodzi. Ikatentha ankangoiviika m'madzi n'kupitiriza. Mu Malichi 1911 inavomerezedwa, ndipo inakhala m'chiuno mwa msilikali wa America mpaka 1985, pamene Beretta ya ku Italy inalowa m'malo mwake. Zaka 74 pantchito imodzi, kudutsa nkhondo ziwiri za dziko lonse, ya ku Korea ndi ya ku Vietnam.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale onyoza M1911 amachigonjera. Kachitsulo kokoka ndi chala powombera kamayenda molunjika cham'mbuyo, kamtunda kakafupi kwambiri, ndipo mmisiri wodziwa akhoza kukasalaza mpaka kamachita kumvera chala. Chigwiriro chake n'chopyapyala, chimakhala bwino m'dzanja. N'chifukwa chake ochita mipikisano yowombera chandamale akugwiritsabe ntchito pisitolo zotengera pulani imeneyi kufikira lero. Ukuwu ndi ubwino woyezeka, wosadalira chikondi cha munthu.

Koma kabokosi kake kamalowa zipolopolo 7 zokha, ndipo yopanda kanthu imalemera kupitirira kilogalamu imodzi. Msilikali kapena wapolisi amene amaisenza tsiku lonse, n'kutha chaka osaiwombera, amakumva kulemera kumeneko m'chiuno madzulo aliwonse.

Browning anamwalira mu 1926 ku Belgium, ali mkati mopanga pisitolo ina ku fakitale ya FN. Dieudonné Saive ndiye anaimaliza, n'kutuluka mu 1935 ndi dzina loti Hi-Power. Inkanyamula zipolopolo 13, chinthu chodabwitsa nthawi imeneyo. Mbiri yake ili ndi kachisudzo: Ajeremani atalanda Belgium mu 1940 anapitiriza kuipanga kuti apatse asilikali awo, pamene kampani ya John Inglis ku Toronto inkaipangira adani awo. Mbali zonse ziwiri zinkawomberana ndi mwana wa mmisiri mmodzi. Nkhondo itatha, asilikali a Britain anaitenga m'malo mwa mavolovolo awo, amtundu uja wa Webley umene maofesala achizungu a King's African Rifles ankavala m'chiuno potsogolera asilikali ochokera ku Nyasaland, ndi Enfield imene inabwera pambuyo pake. Mayiko ambiri a Commonwealth anatsatira.

Ndiye kunabwera munthu amene sanakulire m'banja la osula mfuti. Gaston Glock wa ku Austria ankapanga zitsulo zopachikira makatani, mipeni ya asilikali ndi tizipangizo tapulasitiki. Atamva kuti asilikali a dziko lake akufuna pisitolo yatsopano, anaitana akatswiri, nawafunsa zimene amafuna, n'kuyamba pulani pachabe popanda mwambo uliwonse womumanga. Mu 1982 Glock 17 inapambana mayeso, kugonjetsa makampani amene anakhala akupanga mfuti kwa mibadwo. Sinali yoyamba kukhala ndi thupi lapulasitiki, poti Heckler & Koch ya ku Germany inali itayesa kale ndi VP70 mu 1970, koma ndiyo inachititsa dziko kukhulupirira. Ziwalo zake ndi 34 zokha, pamene M1911 ili ndi zopitirira 50. Kabokosi kake kamalowa zipolopolo 17. Pulasitiki sachita dzimbiri, ndipo chiwalo chikatha wokonza amangochotsa n'kuikapo china, osafuna tupa.

Ndipo ndi yoipa maonekedwe. Ngakhale oikonda sakana: ndi chibuthu chakuda chamakona, chopanda mzere umodzi wokopa diso.

Mu 2013 boma la Britain linagula ma Glock 17 opitirira 25,000 kuti alowe m'malo mwa Hi-Power ya Browning ija, imene inali itatumikira zaka pafupifupi 60. Zifukwa zinali zosavuta kumva: yopepuka, zipolopolo zambiri, yofulumira kusolola n'kuwombera. Asilikali amene anali ku Afghanistan sankafuna mbiri m'chiuno.

Nkhani ya Luger ikanayenera kuthetsa mkanganowu kalekale. Pisitolo ya Georg Luger, imene asilikali a ku Switzerland anaitenga mu 1900 ndipo a Germany mu 1908, ndi imodzi mwa zokongola kwambiri zimene zinapangidwapo. Ikawombera, pamwamba pake pamapindika ngati bondo n'kuwongokanso. Ziwalo zake zinkalumikizidwa ndi manja mothinana, moti ngakhale tizitsulo ting'onoting'ono tinkadindidwa nambala ya mfuti yake kuti tisasokonekere ndi ta inzake. Kuthinana komweko ndiko kunkaichititsa kukakamira ikalowa matope kapena mchenga, ndipo kuipanga kunkadya nthawi ndi ndalama. Ajeremani eniake anaisiya n'kutenga Walther P38, yotchipa kupanga. Asilikali a America ankailakalaka Luger monga chikumbutso chopita nacho kwawo, ndipo osonkhanitsa zakale akuilimbirana mpaka pano. Chimene inasiyira dziko n'chipolopolo chake cha 9mm Parabellum, chimene Glock ndi anzake ambiri amadya lero.

Chikoka chenicheni chili pa ntchito ya manja. Volovolo ya Colt Python, yotuluka mu 1955, inkapukutidwa ndi amisiri mpaka chitsulo chake chabuluu chinkawala ngati galasi, ndipo ziwalo za m'kati ankazisalaza chimodzichimodzi kufikira zitamvana. Munthu akaigwira amaona maola a mmisiri wina amene sanakumanepo naye. Chikondi chotere n'chimodzi ndi cha okonda mawotchi ochita kupukusa kapena magalimoto akale, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amisiri aja atakalamba ndipo malipiro atakwera, Colt inasiya kuipanga mu 2005.

Gwero lina ndi kanema, ndipo ili ndilo limene okonda zakale sakonda kulitchula. Volovolo ya Smith & Wesson Model 29 inali yosayenda malonda kwenikweni mpaka Clint Eastwood ataigwira mu filimu ya Dirty Harry mu 1971; zitatero masitolo ankaisowa. James Bond poyamba ankanyamula ka Beretta kakang'ono, mpaka katswiri wa mfuti Geoffrey Boothroyd analembera kalata Ian Fleming, mlembi wa nkhani za Bond, mu 1956 kumuuza kuti kamfutiko n'kosayenera kazitape. Bond anapatsidwa Walther PPK, pulani ya mu 1931, ndipo dzina la PPK linafalikira kwa anthu amene sanagwirepo mfuti. Python nayo inakwera mtengo pamene inaoneka m'dzanja la mtsogoleri wa sewero la pa TV la The Walking Dead. Ku Malawi ndi ku Zambia, kumene munthu wamba sangasunge mfuti popanda chilolezo cha boma ndipo mfuti yodziwika kumudzi ndi gogodela wa alenje, ambiri anazidziwira pisitolo zimenezi m'tinyumba toonetsera mavidiyo, m'manja mwa makauboyi ndi akazitape. Glock nayo kanema sanaisiye, koma anainamizira: mu Die Hard 2 ya mu 1990 munanenedwa kuti ndi yadothi, yopangidwa ku Germany, ndipo makina a pabwalo la ndege saiona. Zonse zitatu ndi zabodza. Mpope wake ndi chapamwamba chake ndi chitsulo.

Mbiri imene osonkhanitsa amagula ili ndi masamba ena amene satchulidwa kawirikawiri pa okushoni. Pisitolo imene Gavrilo Princip anaphera Archduke Franz Ferdinand ndi mkazi wake Sophie ku Sarajevo pa 28 Juni 1914 inali FN Model 1910, pulani ya Browning yemweyo, yosalala ndi yokongola ngati zinzake. Adolf Hitler anadziwombera ndi Walther PPK mu 1945. Wofuna kukonda chitsulo chifukwa cha nkhani yake ayenera kulandira nkhani yonse.

Sikuti zamakono zilibe chilema. Mu Januwale 2017 asilikali a America anasankha SIG Sauer P320, imene anaitcha M17, pa mgwirizano wofika madola 580 miliyoni. Chaka chomwecho kunamveka kuti mtundu wogulitsidwa kwa anthu wamba unkatha kuwombera ukagwa pansi mwanjira inayake, ndipo kampaniyo inaitana eni ake kuti abweretse mfuti zawo zikonzedwe. Kuyambira pamenepo yakhala ikuzengedwa milandu ndi anthu onena kuti inawombera yokha, zimene kampaniyo imakana. Okonda M1911, imene ili ndi loko wa chala chachikulu komanso wina pachigwiriro, amamwetulira akamva zimenezi. Ali ndi mfundo, koma vuto la pisitolo imodzi silibweza nthawi m'mbuyo. Gulu lankhondo la Marines la ku America linayesa kubwerera: mu 2012 linaitanitsa kwa Colt M1911 yokonzedwanso, yotchedwa M45A1, kuti igwiritsidwe ntchito ndi magulu ake apadera. Patangopita zaka khumi ndi pang'ono inali itachotsedwa, m'malo mwake mutalowa M18 yapulasitiki, mng'ono wake wa M17.

Makampani anazindikira kale kuti pali misika iwiri yosiyana. Boma limagula mfuti masauzande, limawerengera kulemera, mtengo ndi masiku ophunzitsira msilikali watsopano, ndipo limasankha pulasitiki. Munthu payekha, wa ndalama zake, amagula chimene chimamukondweretsa Loweruka akapita kukawombera chandamale. Ameneyu ndiye anachititsa Colt kubweretsanso Python mu 2020, ndi Springfield Armory kutulutsa SA-35, yotengera Hi-Power, mu 2021. Zambiri mwa "zakale" zatsopanozi zimadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndiye ngakhale dzanja la mmisiri limene wogula akulisirira mulibemo kwenikweni. Akugula chithunzi chake.

FN yeniyeniyo, imene inali itasiya kupanga Hi-Power zaka zochepa m'mbuyomo, inaona anzake akudyera dzina lake ndipo mu 2022 inatulutsa yake, n'kuitcha High Power. Kunja ikufanana ndi ya Browning ndi Saive, yachitsulo ndi yolemera. M'kati anaisintha kwambiri, moti ziwalo zake sizilowa m'yakale ija, ndipo kabokosi kake kamanyamula zipolopolo 17, chiwerengero chomwe Gaston Glock anabwera nacho mu 1982.