Chigamba Chilipo, Koma Wosoka Ndani?

Mphunzitsi wa ku Nsaru akafuna kudziwa ngati malipiro ake alowa, masiku ano sakweranso galimoto kupita ku Lilongwe ayi. Amangotsegula pulogalamu ya banki pa foni yake. Uthenga umene foniyo imatumiza pa intaneti umadutsa m'makina ambiri a anthu osadziwika. Chimene chimauteteza ndi luso losokoneza malembo kuti wougwira panjira asatolepo kanthu. Opanga mapulogalamu ambiri salemba okha luso limeneli koma amakatapa m'nkhokwe zokonzedwa kale, ndipo imodzi mwa nkhokwe zotchuka ndi OpenSSL, imene imaperekedwa ulere. Motero zili ngati mudzi umene nyumba zake zonse zinagula maloko kwa mmisiri mmodzi: loko akakhala ndi chilema, makomo onse ali pangozi.

Zimenezi zinachitikadi. Pa 7 Epulo 2014 kunalengezedwa kuti mu OpenSSL muli chiboo chimene chinapatsidwa dzina lakuti Heartbleed. Anachitulukira ndi Neel Mehta wa ku Google pamodzi ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland. Cholakwacho chinalowa kumapeto kwa chaka cha 2011, chinayamba kufalitsidwa mu Malichi 2012, ndipo chinakhala zaka ziwiri chisanaululike.

Chilemacho chinali chotere. Makompyuta awiri akamalankhulana, ina imatumiza liwu kwa inzake, nkutchula kutalika kwake, nkupempha kuti liwulo libwezedwe monga umboni wakuti inzakeyo ikadali maso. Cholakwa chinali chakuti yolandirayo sinkayesa ngati kutalika kotchulidwako kunali koona. Wakuba ankatumiza chilembo chimodzi nanena kuti watumiza zilembo zoposa 60,000, ndipo kompyuta inkakwaniritsa chiwerengerocho ndi chilichonse chimene inali nacho pafupi: maina a anthu, mawu achinsinsi, ngakhale makiyi ake enieni. Kunali ngati munthu wosungitsa thumba limodzi la mtedza amene abwera nkunena kuti anasiya matumba 50, kalaliki osatsegula buku, nkumutulutsira matumba a anthu ena. Choopsa china nchakuti kuba kotereku sikunkasiya mapazi. Makina pafupifupi theka la miliyoni osunga masamba otetezedwa a pa intaneti anali ndi chiboo chimenechi.

Chigamba chinatuluka tsiku lomwelo mu OpenSSL 1.0.1g, ndipo osamalira mapulogalamu akuluakulu oyendetsa makompyuta monga Debian, Ubuntu ndi Red Hat anachigawa mosachedwa. Apa mpamene pali gwero la nkhani ino. Kulengeza chigamba nkuuzanso mbala pamene pali chiboo, kotero kuti kuyambira ola limenelo pamakhala liwiro pakati pa wosoka ndi wakuba. Ku Canada, bungwe lotolera misonkho linaberedwa manambala a nzika pafupifupi 900 chibooocho chitalengezedwa kale, ndipo amene anamangidwa anali wophunzira wa zaka 19. Ndiponso kusoka kokha sikunali kokwanira. Madzi akatayika saoleka: kiyi amene anabedwa dzulo amatsegulabe chitseko chokonzedwa lero, choncho kunafunika kusintha makiyi ndi mawu achinsinsi, ntchito imene ambiri anainyalanyaza.

Wina nkufunsa kuti za ku Canada zikukhudza bwanji munthu wa ku Nsaru, Kabudula kapena Namitete. Yankho lili m'thumba mwake. Google inavomera mu 2014 kuti mafoni okhala ndi Android 4.1.1 anali ndi chilema chomwechi. Chigamba cha foni chimayenda ulendo wautali, kuchoka ku Google kupita kwa wopanga foniyo, ndipo pokhapokha iye atafuna mpamene chimafika kwa mwini wake. Mafoni otsika mtengo ndi ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito, amene ndiwo ofala m'misika ya kumudzi, amaleka msanga kulandira zigamba. Ngakhale chitafika, chimadya bando, ndipo munthu amene wagula bando ya tsiku limodzi sangadzudzulidwe kwambiri akakana kuithera pa chinthu chimene sachiona ndi maso. Makompyuta amene sukulu zimalandira monga mphatso ali ndi vuto lofanana. Microsoft inaleka kupereka zigamba za Windows XP pa 8 Epulo 2014, za Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha mu Okutobala 2025. Makina otere amayaka bwino ndithu, koma khomo lake lili pululu.

Maganizo akuti mbala za pa intaneti sizingataye nthawi ndi dziko losauka anatha mphamvu mu Febuluwale 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti lilipo, ndipo linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA. Koma lamulo limalanga wakuba, silisoka chigamba. Chizolowezi chogula makina popanda kuika padera ndalama ndi munthu wowasamalira ndicho chofunika kuthetsedwa. Chizolowezichi si cha Amalawi okha: mu 2014 OpenSSL, imene makampani olemera ankaidalira, inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 okha pachaka.

Kwa mphunzitsi ndi wophunzira wotsiriza sukulu, poyambira mpapafupi. Pa foni ya Android, tsiku la chigamba chomaliza limalembedwa mu Settings, pagawo lofotokoza za foniyo. Tsikulo likakhala la zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, foniyo ingathe kuimbira ndi kumvera nyimbo, koma si yoyenera kusungiramo pulogalamu ya banki.