Tisadalire thumba la eni pa kafukufuku wathu

Zaka makumi atatu zapitazo, Mmalawi wofuna digiri ya PhD pa sayansi ankangoyang'ana kunja: sikolashipu ya Commonwealth ku Britain, ya DAAD ku Germany, kapena ya Fulbright ku America. Ambiri adapita, ena adakhazikika komweko. Lero makomo achuluka, ndipo nkoyenera kuti tiwerenge zomwe tapeza ndi zomwe zikutisowabe.

Pa zaumoyo ndipo taona phindu lenileni. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lidayamba mu 1995 pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, lasula Amalawi amene tsopano akutsogolera okha kafukufuku. Katemera wa taifodi amene adayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018 adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023. Mu 2016 World Bank idathandiza kukhazikitsa malo a kafukufuku a AquaFish ku Bunda ndi ACEPHEM ku College of Medicine, kumene ophunzira a mayiko ena adabwera kudzachita maphunziro awo kuno. Chomwe chidabala zipatso zimenezi ndi ndalama zokhalitsa, aphunzitsi okhazikika ndi malabotale osatsekedwa pakatha chaka chimodzi.

Pa masamu ndi makompyuta mwayi wakulanso. Sukulu ya masamu ya AIMS idatsegulidwa ku Cape Town mu 2003, ndipo mu 2018 idayambitsa digiri ya masitazi ya AI ku Kigali. Msonkhano wa Deep Learning Indaba, womwe udayamba ku Johannesburg mu 2017, ukulumikiza achinyamata ndi akatswiri owayang'anira. Thumba la RSIF, loyendetsedwa ndi bungwe la icipe ku Nairobi, limalipirira PhD m'mayunivesite a mu Africa momwe. Kwathu kuno yunivesite ya MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS adaima paokha mu 2021.

Komabe ndalama zambiri zoyendetsera zonsezi nzakunja. Britain itachepetsa thandizo lake mu 2021, ndi America itachitanso chimodzimodzi mu 2025, ntchito zambiri za kafukufuku mu Africa zidaima panjira. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kuwonjezera apo, wopereka ndalama ndiye amasankha funso. Nchifukwa chake malungo ndi Edzi zafufuzidwa kwambiri, pomwe kulosera zanyengo kutatha namondwe wa Freddy, kusinthasintha kwa madzi a nyanja yathu, ndi kuphunzitsa kompyuta kumva Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao zikudikirabe mwini.

Kutsogoloku tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, thumba la sayansi lomwe lamulo la 2003 lidakhazikitsa pansi pa bungwe la NCST lizilandira ndalama zooneka mu bajeti chaka ndi chaka, kulinga ku 1 peresenti ya chuma cha dziko yomwe mayiko a African Union adagwirizana. Chachiwiri, mayunivesite apeputse katundu wa malekichara a PhD, kuti apeze nthawi yoyang'anira ophunzira m'malo mothera sabata yonse m'makalasi odzaza. Chachitatu, womaliza PhD apeze ntchito ya kafukufuku ya zaka ziwiri kapena zitatu akabwera kumudzi. Mabanki ndi makampani a mafoni, amene amafuna akatswiri a makompyuta tsiku lililonse, angathe kulipirira malo oterewa.

Inu achinyamata, lembani makalata opempha mwayi kulikonse kumene kwatseguka, koma nyamulani funso lochokera kwanu. Masomphenya a Malawi 2063 akunena za dziko lodzidalira. Aphungu akamakambirana bajeti ikubwerayi, ndalama za kafukufuku ndizo zidzaonetse ngati mawu amenewo tikuwanena kuchokera pansi pa mtima.