Mudzi Sunasesedwe, Unakokoloka

Pa tchuthi chapitachi enafe tinkathandiza ana a Fomu 2 kuwerenga Chingerezi kwathu ku Chiradzulu. Tinawapatsa nyuzipepala yakale yofotokoza za namondwe wa Freddy, uja anatigwera mu Malichi 2023. Chiganizo china chinkati mudzi wa Ntauchira "was swept away". Titafunsa tanthauzo lake, mtsikana wina, wanzeru ndithu, anayankha mosakayika kuti anthu anapita ndi masache kukasesa m'mudzimo madzi ataphwa. Anzake anavomereza.

Sitinaseke. Anawa ndi a m'boma lomwelo. Amadziwa bwino kuti matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Nkhaniyo ankaidziwa kuposa amene anailemba, koma liwu limodzi linawabisira tsoka lakwawo. Mtsikanayo sanalakwe. Kupulayimale anamulembetsa m'kope kuti "sweep" ndi kusesa, basi, ndipo iye anasunga zimene anauzidwa. Ifenso tinaphunzira choncho, ndipo tikapanda kusamala tidzaphunzitsa choncho.

Liwuli lili ndi ntchito zambiri. Pa tsiku loyeretsa m'dziko limene boma linakhazikitsa mu 2020, inde, ndi tsache m'manja. Koma likanenedwa za madzi osefukira, ndi kukokolola. Chipani chikatenga mipando yonse m'dera, atolankhani amalemba "clean sweep". Apolisi akagwira anthu ambirimbiri usiku umodzi, amati "sweeping exercise". Mphunzitsi akalemba "sweeping statement" m'mbali mwa chimangirizo chathu, akutidzudzula kuti taphatikiza zinthu zonse m'thumba limodzi popanda umboni. Ku mpira, "sweeper" ndi wosewera kumbuyo amene amachotsa mpira uliwonse wodutsa anzake. Chimene chikulumikiza zonsezi n'chimodzi: chinthu chikudutsa pamalo n'kutenga zonse zimene chapeza, osasankha.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa mwana wa ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi? Ayi. Akamva kuti akuba asesa m'nyumba ya uje, saganiza kuti m'nyumbamo mwayera bwino. Akamva kuti mawa kuli kusesa kumene kunali maliro, amadziwa kuti si za zinyalala zokha, koma abale akhala pansi kukambirana za amasiye. Liwu loti kudya amaligwiritsa ntchito pa nsima, pa ndalama za eni, ngakhale pa bawo. Mwanayu ndi katswiri kale wa mawu a matanthauzo ambiri. Ndife aphunzitsi amene timamuchititsa kukhulupirira kuti Chingerezi ndi mndandanda chabe, liwu kumanzere, tanthauzo kumanja.

Ena anganene kuti m'kalasi ya ana ochuluka, mabuku ali ochepa, nthawi yofukula liwu limodzi palibe; silabasi ikudikira. Tikumva. Koma mayeso a MANEB amabwera ndi ndime yoti mwana awerenge n'kuimvetsa, ndipo wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ngakhale Masamu atakhoza chotani. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ena onse, kupatula Chichewa, amayenda m'Chingerezi. Choncho mwana wodziwa tanthauzo limodzi lokha amapunthwanso mu Jogalafe, pamene buku likunena za mphepo kapena madzi otenga nthaka. Mphindi zisanu zimene tikuziumira lero zidzamudyera zaka.

Enanso amati kulowetsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi n'kumulemetsa mwana ulesi. Ife taona zosiyana. Titangowafunsa ana aja kuti akuba akasesa m'nyumba amasiya chiyani, manja anakwera. Mnyamata wina anati, "Ndiye kuti madzi aja anasesa mudzi ngati akuba." Kuyambira pamenepo sanavutikenso ndi ziganizo zina zimene tinawapatsa. Chichewa chinatsegula khomo, Chingerezi n'kulowa.

Pempho lathu kwa anzathu a maphunziro a zauphunzitsi ndi laling'ono. Tikapita kukayeserera kuphunzitsa, liwu latsopano tisalilembe lokha pabolodi; tililembe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zosiyana, ana apeze okha chimene chikuzilumikiza. Tiwaphunzitse kuti mu dikishonale tanthauzo loyamba si lomaliza, aziwerenga mpaka pansi. Tizinyamula nyuzipepala zakale, pakuti mawu amoyo ali mmenemo. Ndipo mwana akayankha molakwa, tisathamangire kumukhwatcha. Timufunse kuti waganiza bwanji. Safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu ukukhudzanso mphunzitsi.

Mtsikana uja atamvetsa, anawerenganso chiganizocho chamumtima. Kenako anatifunsa ngati angatenge nyuzipepalayo kuti akawerengere agogo ake. Tinamupatsa.